Njira Imene Ndinakana Kulemba

1995: Nyumba ya m'phiri

Ana anga, za ubwana wanga ku Bembeke ndidumpha, chifukwa palibe chimene chinandichitikira chomwe sichinachitikire mwana wina aliyense wa kumeneko. Ndiyambira pa ntchito yanga yoyamba, popeza ndi imene inandipatsa luso limene ndadyera mpaka pamene maso anandikakamiza kupuma. Iwe Tereza umadabwa ndikamakuuza mawu oyenera kulemba pansi pa zithunzi za zitenje zimene umagulitsa pa masamba a mchezo. Umayesa bambo ako amangodziwa kachewere ndi Misa ya m'mawa. Ndiye werenga.

Sukulu ndinalekezera Fomu 2. Chingerezi ndinkachilemba bwino ndithu, koma munthu akangondiyang'ana m'maso chinkathawa pakamwa, n'kutsala kugwedeza mutu basi. Akatekisiti a kwathu ndi amene anandiuza kuti mayi Nasibeko akufuna mnyamata wantchito. Mayiwa anali namwino wopuma, amuna awo anali atamwalira, ndipo zonse zimene analandira popuma anamangira nyumba ya alendo m'phiri, pakati pa Bembeke ndi Dedza Boma, kamtunda pang'ono kuchokera pamsewu waukulu. Boma linali litangosintha chaka chapitacho. Aliyense ankati dziko latseguka tsopano, alendo abwera ngati inswa mvula yoyamba ikagwa, ndipo mayi Nasibeko anakhulupirira zimenezo ndi mtima wonse.

Ndinafika m'mwezi wa Juni, nkhungu itakuta phiri lonse, moti nyumbayo ndinaimva ndisanaione. Ndinamva tambala, chidebe chikugunda pampope, ndi munthu akutsokomola. Kenako denga la malata linatulukira pamwamba panga ngati likuyandama lokha popanda makoma. Mpaka lero ndikalota malo amenewo ndimalota denga lokhalo, ndi fungo la paini wonyowa. Zipinda zinali zochepa, chilichonse chili ndi bedi, mabulangete okhuthala ndi mbaula. Kuseri kunali munda wa kachewere wotsetsereka mpaka kudambo.

Ntchito yanga inali iliyonse imene inalibe mwini wake. Ndinkasesa, kusita, kuyatsa mbaula, ndi kutunga madzi kudambo mpope ukafa. Ndinali munthu woti mlendo akaiwala masokosi pampando ankawapeza atachapidwa ndi kusitidwa, ndipo mayi akandiitana ndinkaima pakhomo mpaka atabwereza kuti ndikhale pansi. Wophika anali a Zakeyu, bambo wa ana ambiri amene anaphunzira kuphika kwa ansembe. Iwo ankanditcha kuti a sisitere chifukwa cha kayendedwe kanga kosamveka. Zosowa zinali zambiri. Magetsi ankabwera osanena tsiku, palafini ankatha pa Boma, foni inkafa mvula ikangogunda. Koma chosowa chachikulu chinali alendo enieniwo. Ankabwera ansembe opita kumsonkhano, nthawi zina a mabungwe ophunzitsa anthu za demokalase, ndi azungu apo ndi apo onyamula zikwama zazikulu kumsana. Masiku ambiri tinkayala mabedi amene sanagonedwe.

Tsiku lina mayi anandipatsa thabwa ndi penti kuti ndilembe chikwangwani choika pamsewu. Ndinalembapo zonse: dzina la nyumba, zipinda, chakudya, madzi otentha, kuti timalandira aliyense, ndi vesi la m'Baibulo pansi pake. Zilembo zinali zazing'ono ndi zowongoka, ndipo mumtima ndinanyadira. Kondakitala wina wa minibasi, amene ankaima pamenepo kugula kabichi, anandifunsa ngati ndikufuna kuti dalaivala aimitse galimoto, atsike, avale magalasi, awerenge nyuzipepala yangayo, kenako apitirize ulendo. Ndinachita manyazi, ndinapakanso penti, n'kusiya mawu ochepa akuluakulu ndi muvi wolozera kuphiri. Pambuyo pake mayi anayamba kundituma kusiteji m'mawa kukazizira, nditanyamula tiyi ndi kachewere wootcha. Sitinapemphe kanthu kwa aliyense, koma posakhalitsa makondakitala anayamba kutcha malowo kuti pa Nasibeko, ndipo akaona mlendo wosadziwa kogona ankamutsitsa pomwepo. Masamba a mchezo a nthawi imeneyo anali amenewo, makondakitala, amayi ogulitsa kabichi ndi zolengeza za kutchalitchi. Lamulo lake silinasinthe mpaka lero. Munthu amakunenera bwino chifukwa unamuchitira bwino iyeyo, osati chifukwa wamupempha kuti akunenere.

1998: Tsamba

Chaka chimenecho a Lukasi, mwana woyamba wa mayi Nasibeko, anayamba kubwera pafupipafupi kuchokera ku Lilongwe kumene ankagwira ntchito mu ofesi ya bungwe lina. Anali wamkulu kwa ine pang'ono, wolankhula mofulumira, wa mtima wabwino koma wosadziwa kudikira. Anabwera ndi kompyuta yakale imene ku ofesi kwawo anali atasiya kugwiritsa ntchito, anaiika patebulo m'chipinda cholandirira alendo, n'kuilumikiza ku waya wa foni. Anatifotokozera kuti akufuna kupangira nyumbayo tsamba la pa intaneti. Anati tsamba lili ngati chikwangwani changa chija, koma choikidwa pamsewu wodutsa m'maiko onse. Anati palinso makina ofufuzira, amene ali ngati kondakitala wodziwa masiteji onse a dziko lapansi. Munthu amangomuuza mawu a kumene akufuna, iye n'kumutsitsa patsamba limene lili ndi mawuwo. A Zakeyu anafunsa ngati kondakitala ameneyo amamwa tiyi. A Lukasi anati ayi, amadya mawu okha.

Popeza iwo anali ndi zochita zambiri, ndipo ankadziwa kuti ndimalemba Chingerezi chopanda zolakwa, anandiuza kuti ndilembe ineyo mawu a patsambalo. Ndinagwira ntchitoyo mosamala kwambiri. Ndinayamba ndi moni, monga munthu woleredwa amayambira. Ndinafunsa owerenga onse ngati ali bwino, n'kuwauza kuti ife kuno tili bwino, kungoti kukuzizira. Kenako ndinachita zimene amayi anga ankachita mlendo akafika pakhomo. Ankapha nkhuku yonenepa kuposa zonse, n'kugwada ndi kunena kuti pepani, mwatipeza tilibe ndiwo. Kwathu munthu sayamikira chake, amachichepetsa kuti mlendo ndiye achikweze. Choncho ndinalemba kuti nyumba yathu ndi yaing'ono, yosayenera anthu olemekezeka, kuti msewu ndi woipa ndipo chakudya n'cha kumudzi, koma akatikomera mtima tidzayesetsa. Dzina la Dedza ndinaliika kumapeto kwenikweni, chifukwa kutchula kwanu usanafunsidwe n'kudzionetsa.

A Lukasi anatenga mawuwo akuthamangira basi, anakawaika patsamba osawawerenga. Miyezi inadutsa. M'mawa uliwonse ndinkayatsa kompyuta, waya n'kulira ngati mwanapiye wogwidwa ndi kabawi, koma imelo yofunsa malo sinabwere ngakhale imodzi. Atabweranso anakhala pansi kuti aone vuto, anawerenga, ndipo anaseka mpaka anagwira m'nthiti.

"Mphwanga, awa ndi mawu okopera alendo, kapena walembera apongozi kalata yopepesa?"

Ndinayankha chapansipansi kuti ndimayesa ndi ulemu.

"Ulemu ndi womwewo. Koma munthu wa kutali ukamuuza kuti ulibe ndiwo amakhulupirira, n'kukadya kwina. Ndipo makina aja sadziwa moni. Munthu walemba kuti Dedza, iwo akuyang'ana Dedza pamwamba, akupeza iwe ukufunsa za thanzi la dziko lonse."

Mayi Nasibeko sanaseke kwambiri. Anangoti kalatayo inali yabwino, inangolakwika adiresi. Koma a Zakeyu anatenga nkhaniyo, moti kwa nthawi yaitali akamandipatsa mbale ankagwada mwachipongwe n'kundifunsa kuti dziko lonse ladzuka bwanji.

Tinayambiranso, ndipo zimene ndinaphunzira miyezi imeneyo ndi zomwe pambuyo pake ndinkaphunzitsa alimi a ku Chimbiya ndi magulu a amayi osoka, kufikira ndinapuma. Dzina la malo ndi chimene ukugulitsa zikhale pamwamba, pamutu penipeni, chifukwa makina ndi munthu onse amayambira pamenepo ndipo sachedwa kutopa. Usalembe mawu amene iwe umakonda, lemba amene wofunafunayo amalemba akakhala yekha. Ife tinkati nyumba ya alendo, koma iwo ankalemba kuti malo ogona otchipa pakati pa Lilongwe ndi Blantyre, kapena malo ogona pafupi ndi malire a Mozambique. Kuti ndidziwe zimenezi a Lukasi anandilamula kufunsa mlendo aliyense mmene anatipezera ndi mawu amene analemba. Kwa munthu wamanyazi ngati ine chimenecho chinali chilango, ndipo ndinkafunsa ndikuyang'ana mbaula. Zithunzi zikhale zochepa ndi zopepuka, chifukwa waya wathu unkatsitsa chithunzi pang'onopang'ono kuyambira kudenga, ndipo munthu sadikira mpaka aone khomo. Tinalembera eni masamba ena, a nyumba zogona ku Lilongwe ndi a magalimoto onyamula alendo, kuwapempha kuti atitchule ifenso tiwatchule, popeza makina amakhulupirira amene anzake amamuloza. Imelo iyankhidwe tsiku lomwelo. Tsamba lisinthidwe ndi nyengo, kuti lisaoneke ngati nyumba yosasesedwa. Kuzizira kumene ndinkapepesa kuja tinakuika pamwamba ngati chinthu chonyadira, pamodzi ndi mbaula ndi nkhungu.

Nthawi imeneyo ndiyo ndimaikumbukira ngati loto. M'mawa nkhungu inkafika mpaka pawindo, kunja osaoneka ngakhale mtengo umodzi, ine ndili patsogolo pa galasi lowala la kompyuta. Ndinkaganiza za munthu wina m'dziko limene sindidzafikako, atakhala m'chipinda chake, akulemba dzina la kwathu ndi zala zake. Mawu amene ndinasankha ine, mwana wa ku Bembeke, ankamugwira dzanja n'kumukweza phiri lathu. Nthawi zina ndinkamva ngati nyumba yonse yanyamuka ndipo ikuyenda mumlengalenga kufunafuna anthu, ife tili momwemo ndi mabulangete athu. Mlendo woyamba wa patsamba atafika, mtsikana wamtali wonyamula pepala limene anasindikizapo mawu anga, ndinathawira kumunda wa kachewere. Zinali ngati munthu watuluka m'maloto anga n'kupempha madzi osamba.

Alendo anawonjezeka, koma osati mokwanira. Ambiri ankagona tsiku limodzi n'kupitirira, chifukwa panalibe chowasunga. Denga linayamba kudontha, mpope unafunika watsopano. Chakumapeto kwa chaka mayi anatiitana ine ndi a Zakeyu n'kutiuza mosabisa kuti nyengo yozizira ikubwerayo ikadzakhala ngati yapitayo, adzatseka nyumbayo ndipo zipinda adzasungiramo kachewere. A Zakeyu anavula chipewa n'kuchiyang'ana m'kati. Ine ndinaganiza za azichemwali anga amene ndinkawalipirira sukulu.

1999: Phanga

Pofunsa alendo paja, mawu ena ankabwerabwera. Ambiri ankafuna kuona zojambula zakale za m'mapanga. A Lukasi anafufuza ku Lilongwe n'kupeza kuti anthu olemba mawu amenewo ndi ochuluka kuposa ofuna malo ogona, ndiponso kuti oterewa amakhala masiku angapo. Mapanga odziwika analipo m'boma lathu, koma anali kutali ndi ife, ndipo ena anali atayamba kale kuperekezako alendo. Koma kuseri kwa phiri lathu lomwelo kunali phanga lina limene silinalembedwe paliponse. Aliyense wa m'deralo ankadziwa kuti lilipo, ngakhale amuna odziwa njira yake anali ochepa, chifukwa amayi a midzi ya kumeneko ankalangiziramo anamwali. Namkungwi wake wamkulu anali azakhali anga, a Namaseko, mlongo wa bambo anga, amene sanalowe mpingo. Ndili mwana ndikapita kukacheza kwawo ankandisenzetsa nkhuni ndi ufa mpaka pa mkuyu wina waukulu, pamene mwamuna aliyense ankatula katundu n'kubwerera. Kamodzi kokha, ndikuthamangitsa mbuzi, ndinasuzumira patali n'kuona zinthu zoyera zojambulidwa pathanthwe, zotambasula miyendo, zamadonthomadontho. Ndinathawa osayang'ananso.

A Lukasi ankadziwa za ubale wangawo. Mvula itayamba kutha anabwera ndi kamera n'kundiuza zoti ndichite. Ndikajambule zojambulazo, ndilembe njira yake bwinobwino kuyambira pakhomo pathu, ndipo pamutu pa tsamba tiikepo mawu akuti phanga lachinsinsi ndi mwambo wa anamwali. Anati mawu amenewo palibe tsamba lina lili nawo, choncho aliyense wowalemba adzatsikira pa ife tokha, ndipo nyengo yozizira isanathe zipinda zidzadzaza. Sankanama, ndipo ine ndinkadziwa ntchitoyo mokwanira kuona kuti sakunama. Ndinayang'ana mayi Nasibeko. Iwo anatenga kamerayo patebulo, anandiika m'manja, maso awo ali pawindo, n'kunena kuti pita mwanawe.

Ndinayamba ndadzera kwa azakhali. Ndinawapeza pakhonde akusankha mbewu ya kachewere, ndipo titapatsana moni wa mbumba yonse ndinawafotokozera mozungulira, monga ndinkachitira. Anamvetsera akuponya kachewere wowola kwa nkhumba.

"Ndiye azungu akufuna kulowa? Abwere, tiwavinira. Koma uwauze kuti wolowamo amatuluka atametedwa, ndevu zomwe."

Anaseka okha, ine ndinasekako pang'ono. Kenako anandifunsa ngati chinthu cholembedwa pa makinawo chimafufutika. Ndinati tikhoza kuchichotsa patsamba lathu, koma ena amakhala atakopera kale, ndipo mlendo mmodzi amauza anzake. Anagwedeza mutu ngati ndawauza mtengo wa mchere. Anandiuza kuti phanga likapondedwa ndi nsapato za alendo, amayi salowamonso, amasamuka. Anati anasamukapo kale m'masiku a amayi awo pothawa ansembe, n'kusamukanso pamene a zankhalango anadzala paini ndi kuika alonda.

"Limeneli ndi lomaliza, mwana wa achimwene. Phiri latha. Koma sindikuletsa. Njira si yanga, ndipo njala ya kwanu ndikuidziwa. Ukafika pa mkuyu ukaone wekha."

Ndinakwera. Kumtunda kunali nkhungu ngakhale dzuwa linali litakwera, ndipo udzu unandinyowetsa mpaka m'mawondo. Njira ndinkaikumbukira ndi miyendo, osati ndi mutu. Poyenda, mawu ankadzilemba okha m'maganizo mwanga, m'Chingerezi chabwino, chifukwa ndinali nditazolowera. Mukadutsa dambo mukhotere kumanzere. Mukaona mwala wong'ambika pakati mutsate madzi. Anali mawu okoma, aafupi, oti makina akanawakonda. Ndinafika pa mkuyu. Pansi pake panali posalala pomwe tinkatula nkhuni paja, ndipo panali makoko a nzimbe amene mnyamata wina anatafuna posachedwa akudikira, monga inenso ndinkachitira. Kutsogolo nkhungu inkatseguka ndi kutsekeka, ndipo ikatseguka ndinkaona mdima wa pakamwa pa phangalo. Panalibe mlonda, panalibe mpanda. Chotchinga chinali mtengo wokhawo ndi anyamata onse amene anaimapo n'kubwerera. Ndinaganiza za alendo anga a m'maloto aja, akubwera motsatizana ndi mapepala m'manja, akudutsa mkuyuwo osadziwa n'komwe kuti pali podutsa, ndipo wowagwira dzanja ndine. Ndinakhala pamenepo mpaka zovala zinayamba kuuma, kenako ndinatsika.

A Lukasi ndinawapeza pakompyuta, mayi ali pampando wawo akusenda nyemba. Ndinaika kamera patebulo n'kunena kuti sindinajambule. A Lukasi anayesa filimu yavuta. Ndinati ayi, filimu ili bwino. Anasiya kompyuta n'kundiyang'ana.

"Iwe ndiwe Mkatolika wotumikira pa Misa. Ukuopa chiyani, mizimu ya azakhali ako?"

"Sindikuopa, achimwene. Koma sindilemba."

"Ukudziwa kuti ukutseka nyumba ino? Si ntchito yako yokha. A Zakeyu ali ndi ana."

Ndinati ndikudziwa. Anandinyengerera, anati tingoika chithunzi popanda njira, ndinati wobwera ndi chithunzi adzafuna njira. Anati adzapereka kenakake kwa amayi a kumudziko, ndinati akafunse okha kwa azakhali. Pomaliza anatembenukira kwa mayi awo kuti alankhulepo. Mayi Nasibeko anapitiriza kusenda nyemba, osakweza mutu. M'moyo wanga ndinali ndisanakanizepo munthu wamkulu chilichonse, ndipo ndinangotuluka panja.

A Lukasi anayesa kufunsa amuna ena a m'midzi, koma aliyense ankawalozera phiri lina. Anabwerera ku Lilongwe ndipo anasiya kubwera pafupipafupi. Ine ndinalimbikira ndi zimene zinatsala. Ndinalemba za maulendo oyenda m'paini, za msika wa pa Boma, za mapanga odziwika aja ndi mmene munthu angafikireko. Ndinayankha imelo iliyonse ngati yochokera kwa bishopu. Nyengo yozizira inabwera, alendo anabwera monga kale, ogona tsiku limodzi, ndipo inapita.

Kumapeto kwa 1999

Mayi anatseka nyumbayo mvula isanayambe. Panalibe mwambo. Tinapinda mabulangete, tinatulutsa mbaula, mabedi ena anagulitsidwa kwa aphunzitsi a ku Bembeke. A Zakeyu anapita kukakazinga tchipisi pamsewu ku Chimbiya, ndipo kwa zaka ndithu ndikawapatsa moni ankayang'ana m'chiwaya. Sindinawaimbe mlandu. Mmodzi mwa azichemwali anga anasiya sukulu chaka chimenecho ndipo sanabwererenso. Ameneyo ndi azakhali anu a Rozina, ndipo nkhaniyi amaidziwa.

Tsamba lokha silinatsekedwe. A Lukasi anaiwala kulichotsa, ndipo linapitiriza kuitana anthu kunyumba imene kunalibe. Foni inali itadulidwa, koma ena ankalemba makalata a papositi kufunsa malo. Ndikaganiza zimenezo ndinkaona nyumba ija ikuyendabe mumlengalenga, nyale zikuyaka, mabedi oyalidwa, pamene yeniyeniyo inali ndi makoswe. Chakumapeto kwa chaka mayi ananditumizira uthenga kuti ndibwere ndidzawathandize kuyankha makalatawo. Ndinawapeza m'chipinda cholandirira alendo, atazunguliridwa ndi matumba a kachewere, atavala juzi ya malemu amuna awo. Anali ataonda. Ndinalemba mayankho iwo akundiuza zonena, ndipo titamaliza sanandilole kunyamuka. Analankhula akuyang'ana matumbawo.

"Sitefano, phanga lija ndinalowamo ine. Ndinali mtsikana, ndisanapite kukaphunzira kwa masisitere. Anandilangiza ndi amayi awo a azakhali akowo. Njira ndimaidziwa kuposa iwe, ndipo Lukasi ndikanatha kumuuza ndekha tsiku lililonse."

Ndinawafunsa kuti nanga ananditumiranji ine.

"Nyumba yanga ndinkaifuna. Koma ndinkafuna kuti mapazi okapondamo akhale a munthu wina. Ndinayang'ana pakhomo pano, ndinaona kuti amene sangandikanize ndiwe."

Ananena zimenezi mopanda kupepesa, ngati namwino wouza wodwala dzina la matenda ake. Anati tsiku limene ndinabweza kamera lija anandikwiyira kwambiri, ndipo mkwiyowo sunatheretu. Anati nthawi zina amaima pakhonde n'kuwerengera m'mutu alendo amene akanakhala akuotha mbaula, ndipo zikatero safuna kumva dzina langa. Koma anatinso mwezi wapitawo anamva ng'oma kuseri kwa phiri, za anamwali, ndipo anapezeka ataimirira pakati pa munda khasu lili m'manja, milomo ikuimba yokha nyimbo imene ankayesa anaiiwala.

Ndinalimba mtima n'kuwafunsa ngati akanakonda ndikanajambula.

"Masiku ena inde," anatero. "Lero ayi. Za mawa usandifunse."

Kenako analoza thumba limene linali pakhomo, n'kunena kuti msana wawo sukulolanso, ndilinyamule ndikaliike m'chipinda chimene munkagona ansembe. Ndinalinyamula.